Kuchepetsa shuga wokwera mukatha kudya: mtanda, kuyenda, mapiritsi kapena jakisoni?

Kuchipatala shuga amayezedwa kawirikawiri m'mawa munthu asanalawe kanthu, ndipo nambala imene imalembedwa m'buku lanu ndi ya nthawi imeneyo basi. Koma wodwala matenda a shuga amene m'mawa wapezeka ndi 120 akhoza kufika 250 masana atadya mitanda itatu ya nsima ya ufa woyera, n'kukhala choncho maola angapo osamva chilichonse m'thupi. Zimenezi zikamachitika katatu pa tsiku, chaka ndi chaka, timitsempha ta m'maso, ta mu impso ndi ta kumapazi timawonongeka mwakachetechete.

Nsima, mpunga, mbatata, chinangwa ndi buledi zikafika m'matumbo zimasanduka shuga amene amalowa m'magazi. Kapamba wa munthu wopanda matendawa amatulutsa msanga insulin, timadzi totsitsa shuga m'magazi, shuga n'kulowa m'minofu. Kwa wodwala shuga wa mtundu wachiwiri, insulin amatuluka mochedwa, wochepa, ndipo thupi silimumvera bwino. Kwa wa mtundu woyamba, kapamba satulutsa insulin nkomwe. Kusiyana kumeneku kukumbukireni, chifukwa njira yokwanira kwa agogo a zaka 65 onenepa ikhoza kupha mnyamata wa zaka 15.

Nambala zoyenera kuzidziwa

Kwa akuluakulu ambiri, musanadye shuga akhale pakati pa 80 ndi 130 mg/dL, ndipo pakatha maola awiri chiyambire kudya asapitirire 180. Makina ena amawerenga mu mmol/L. Gawani nambala ya mg/dL ndi 18 kuti mupeze ya mmol/L: 180 ndi chimodzimodzi 10, pamene 130 ndi 7.2. Shuga akatsika pansi pa 70, kapena kuti 3.9, ndiye kuti watsikitsitsa ndipo m'pofunika kuchitapo kanthu nthawi yomweyo. Maola awiriwo muwerenge kuyambira pa mbamu yoyamba, osati pamene mwasamba m'manja pomaliza.

Amene ali ndi kamakina koyezera kunyumba asataye masitiripi (timapepala toikapo dontho la magazi) poyeza m'mawa mokhamokha. Sankhani chakudya chimodzi, yezani musanadye, yezaninso pakatha maola awiri, lembani nambala ziwirizo pamodzi ndi zomwe munadya. Shuga akakwera ndi 60 kapena kuposera apo, chakudyacho chakula kapena mankhwala akuperewera. Sabata ino yang'anani nkhomaliro, sabata yamawa mgonero. Sambani m'manja ndi kupukuta musanadzibaye: chala chimene chagwira mango chimapereka nambala yabodza yokwera kwambiri.

Mmene tayerekezera

Njira iliyonse taiona pa zinthu zinayi: mtengo wake, kupezeka kwake, ntchito imene imafuna tsiku ndi tsiku, ndi zoopsa zake. Pa zoopsa, funso lalikulu ndi limodzi: kodi njirayi ingatsitse shuga mopitirira muyezo? Shuga wokwera amawononga m'zaka, koma wotsikitsitsa amakomola m'mphindi zochepa.

1. Kuchepetsa mtanda ndi kusintha mbale

Palibe piritsi limene lingalimbane ndi mitanda inayi. Chimene chimakweza shuga kwambiri pa chakudya ndi kuchuluka kwa zokhutitsa, choncho poyambira ndi apa. Gawani mbale m'maganizo: theka likhale ndiwo zamasamba monga bonongwe, nkhwani, chisoso, mpiru kapena therere, gawo limodzi mwa magawo anayi likhale nyemba, nandolo, khobwe, usipa, mazira kapena nyama, gawo lotsala ndiye nsima, mtanda umodzi waukulu ngati chibakera chanu. Mbamu ikhale yaing'ono, ndiwo ikhale yambiri. Kuyamba mwadya masamba ndi nyemba kapena nsomba musanakhudze nsima kumathandizanso, chifukwa chakudya chimachedwa kuchoka m'mimba ndipo shuga amalowa m'magazi pang'onopang'ono.

Ambiri amauzidwa kuti "idyani mgaiwa" n'kumva ngati nkhani yatha. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera chifukwa gaga ndi mtima wa chimanga zimakhalamo, koma ndi chimanga ndithu, ndipo mitanda itatu ya mgaiwa imakweza shuga kuposa mtanda umodzi wa woyera. N'chimodzimodzi ndi ufa wa mawere ndi wa mapira. Kondowole musamuone ngati pothawira, amakweza shuga mofulumira. Mkute wozizira umakweza pang'ono pochepera kusiyana ndi nsima yotentha, koma kusiyanako n'kochepa moti sikungalowe m'malo mwa kuchepetsa mtanda.

Zakumwa n'zimene zimapusitsa anthu. Botolo la Coca-Cola la 300 ml lili ndi shuga wokwana pafupifupi masupuni aang'ono asanu ndi atatu. Thobwa, maheu, Sobo, juwisi wa zipatso ndi tiyi wa masupuni atatu zimalowa m'magazi mwachangu kuposa nsima chifukwa palibe chotafuna. Uchi komanso shuga wofiirira, zonsezi ndi shuga basi. Phala lamadzimadzi limakweza msanga. Likhale lolimbako, lothira nsinjiro, lopanda shuga. Chimanga chowotcha, mbatata ndi chinangwa chophika muziziwerengera ngati nsima, osati ngati zoseweretsa mkamwa. Nyengo ya mango idyani limodzi laling'ono, osati beseni, ndipo nzimbe zisiyeni. Mapeyala ndi mtedza sizikweza shuga kwenikweni, n'zabwino pamene njala yakupezani pakati pa chakudya.

Mtengo: ufa umatha wochepa, koma ndiwo zimafuna ndalama zambiri. Nyemba, nandolo, soya ndi masamba a kudimba n'zimene zimapepukitsa.

Kupezeka: paliponse, koma kumatsata nyengo. M'chilimwe masamba akasowa, mfutso amathandiza. Miyezi ya njala banja limadya chimene chapezeka, ndipo pamenepo chotheka ndi kugawa chakudya chomwecho kukhala tizigawo ting'onoting'ono m'malo modya kamodzi kwambiri.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku: iyi ndiye njira yovuta kuisunga. Wophika ayenera kuimvetsa, apo ayi palibe chisinthe. Podyera mbale imodzi, patulani mtanda wanu musanayambe. Kumaliro ndi kuukwati nenani poyera kuti muli ndi shuga. Anthu amamvetsa kuposa mmene timaganizira.

Zoopsa: kuchepetsa nsima mwadzidzidzi uku mukumwa mapiritsi a shuga otchedwa glibenclamide kapena kubaya insulin pa mlingo womwe uja kumagwetsa shuga. Uzani adokotala kuti mwasintha kadyedwe. Ana, amayi oyembekezera, odwala TB ndi anthu owonda kale asadzimane chakudya pofuna nambala yabwino. Amene ali ndi BP achepetse mchere, makamaka wa mu nsomba zouma.

2. Kuyenda mukatha kudya

Minofu ikamagwira ntchito imayamwa shuga m'magazi ngakhale insulin ali wochepa. Kuyenda mphindi 10 mpaka 15, kuyambira pasanathe theka la ola mutamaliza kudya, kumadula nsonga ya shuga pa nthawi yeniyeni imene akukwera. Kuyenda katatu kwa mphindi 10 pambuyo pa chakudya chilichonse kumathandiza shuga wa mukatha kudya kuposa kuyenda ulendo umodzi wautali m'mamawa. Sikofunika kuthamanga, yendani mwandawala koma moti n'kutha kulankhula. Kusesa pabwalo, kutsuka mbale mutaimirira kapena kukatunga madzi kumawerengedwanso. Chakudya chimene chimavuta kwambiri ndi chamadzulo, chifukwa ambiri amadya mochedwa n'kupita kukagona.

Mtengo: palibe, kupatula nsapato zabwino.

Kupezeka: kumalepheretsedwa ndi mdima, mvula, nyamakazi kapena ntchito ya mu ofesi. Kuzungulira m'nyumba, kapena kudzuka ndi kukhala pampando kangapo, kuli bwino kuposa kungokhala.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku: phindu lake ndi la chakudya chimenecho. Mukasiya, shuga amabwerera pomwe anali.

Zoopsa: mapazi. Amene mapazi awo achita dzanzi samva minga kapena mwala m'nsapato, ndipo kabala kakang'ono kangathere pa kudulidwa mwendo. Musayende opanda nsapato, gwedezani nsapato musanavale, yang'anani pansi pa phazi ndi pakati pa zala usiku uliwonse. Omwa glibenclamide ndi obaya insulin ayende ndi maswiti m'thumba. Kupweteka pachifuwa kapena befu wachilendo poyenda ndi nkhani ya kuchipatala tsiku lomwelo.

3. Metformin

Ndi piritsi loyambira kwa ambiri a mtundu wachiwiri. Ntchito yake yaikulu ndi kuletsa chiwindi kutulutsa shuga wambiri, choncho limatsitsa shuga wa musanadye, ndipo nambala ya mukatha kudya imatsika nayo limodzi. Silifafaniza nsonga ya chakudya chachikulu.

Mtengo: ndi laulere m'zipatala za boma, ndipo m'mafamase ndi limodzi mwa otsika mtengo.

Kupezeka: n'kosavuta kuposa mankhwala ena onse a shuga, ngakhale nthawi zina limatha. Pitani kukatenga ena akadakalipo a masiku angapo.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku: limamwedwa pakati pa chakudya kapena mutangomaliza. Kawirikawiri amayamba ndi 500 mg kamodzi pa tsiku n'kumakweza pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, kufikira pafupifupi 2000 mg pa tsiku ngati pafunika.

Zoopsa: palokha silitsitsa shuga mopitirira muyezo, ndipo uwu ndi ubwino wake waukulu. Nseru ndi kutsegula m'mimba zimabwera masiku oyamba, makamaka mukamwa pamimba yopanda kanthu kapena mlingo ukakwezedwa mothamanga. Siliyenera kwa amene impso zawo zafooka kwambiri kapena omwa mowa mwauchidakwa. Mukadwala kusanza ndi kutsegula m'mimba mpaka madzi kuchepa m'thupi, liimitseni kaye ndipo pitani kuchipatala. Omwa ma ARV okhala ndi dolutegravir, monga 13A, adziwitse adokotala, chifukwa mankhwalawa amachulukitsa metformin m'magazi ndipo mlingo wake nthawi zambiri suyenera kupitirira 1000 mg pa tsiku. Kulimwa zaka zambiri kumachepetsa vitamini B12, zimene zingawonjezere dzanzi.

4. Glibenclamide ndi gliclazide

Awa amafinya kapamba kuti atulutse insulin wambiri, choncho amatsitsadi shuga wa mukatha kudya, ndiponso mwachangu. Vuto lake n'lakuti amafinyabe ngakhale musanadye.

Mtengo: glibenclamide ndi waulere m'zipatala za boma, gliclazide nthawi zambiri ndi wogula, koma si wokwera kwambiri.

Kupezeka: glibenclamide wa 5 mg amapezeka m'zipatala zambiri. Gliclazide amapezeka mosavuta m'mafamase a m'tauni.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku: amamwedwa chakudya chitatsala pang'ono, ndipo mukamwa muyenera kudya ndithu. Kumwa piritsi m'mawa n'kupita kumunda ndi tiyi yekha mpaka 2 koloko ndi kuitana ngozi.

Zoopsa: shuga wotsikitsitsa. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzidzidzi, mtima kugunda, kusokonezeka kapena kukwiya kopanda chifukwa. Sungunulani masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi, imwani, dikirani mphindi 15, bwerezani ngati simunapeze bwino, kenaka idyani chakudya chenicheni. Munthu wokomoka musamumwetse kanthu, angatsamwe. M'gonekeni chammbali, m'pakeni shuga pang'ono m'kati mwa tsaya, n'kuthamangira naye kuchipatala. Glibenclamide amakhalitsa m'thupi, moti shuga akhoza kugwanso patapita maola munthu ataoneka ngati wachira. N'chifukwa chake sayenera kwa okalamba ndi a vuto la impso. Kwa iwowa gliclazide ndi wabwinopo. Bactrim, quinine ndi mowa zimawonjezera ngoziyi. Mankhwalawa amanenepetsanso pang'ono, ndipo pakapita zaka mphamvu yake imachepa.

5. Insulin wa pa chakudya

Iyi ndi njira yamphamvu kuposa zonse, ndipo kwa a mtundu woyamba palibe ina yolowa m'malo mwake. Insulin wa soluble, monga Actrapid, ndi woyera ngati madzi. Amayamba kugwira ntchito pakatha theka la ola, amafika pachimake pakati pa maola awiri ndi anayi, n'kutha pakatha maola asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu. Cholakwika chofala ndi kubaya nsima ili kale patsogolo. Mukatero shuga wa chakudya amafika insulin asanadzuke, nambala ya maola awiri imakwera, kenaka pa ola lachinayi shuga amagwa. Bayani mphindi 30 musanadye, koma pokhapokha mwatsimikiza kuti chakudya chili pamoto. Insulin wachangu monga NovoRapid ndi Humalog amabayidwa chakudya chitatsala mphindi 10 kapena 15 ndipo amatha msanga, choncho amagwirizana bwino ndi chakudya, koma ndi wodula.

Insulin wosakaniza wa 30/70 (magawo 30 a soluble ndi magawo 70 a wochedwa kugwira ntchito), monga Mixtard, amabayidwa kawiri, m'mawa ndi madzulo musanadye. Ndi wa mtundu wa mkaka; m'gubuduzeni pakati pa zikhatho mpaka asakanikirane musanakoke. Majakisoni amachepa, koma amakumangani pa nthawi: gawo lake lochedwa limafika pachimake masana, ndiye nkhomaliro isaphonyedwe.

Mtengo: insulin wa soluble ndi wosakaniza amaperekedwa ulere m'zipatala za boma akakhalapo. Ndalama zimapita ku masitiripi, chifukwa kubaya insulin osayeza kuli ngati kuyenda usiku wopanda nyali. Pogula kamakina funsani mtengo wa masitiripi ake ndiponso ngati amapezeka kwanuko; masitiripi a kampani ina salowa m'makina a kampani ina.

Kupezeka: m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ndi m'zipatala za m'maboma. M'zipatala zing'onozing'ono za kumudzi musayembekezere kumupeza nthawi zonse, konzekerani ulendo botolo lisanathe.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku: mabotolo osatsegula asungidwe mufiriji pakati pa madigiri 2 ndi 8, osati mochita kuundana, insulin woundana ndi wotayika. Botolo lotsegula limagwira ntchito pafupifupi milungu inayi likakhala pozizirira, kutali ndi dzuwa. Popanda firiji, ikani botolo m'kachitini kotseka, kachitiniko m'mphika wadothi wokhala ndi mchenga wonyowa, pamthunzi podutsa mphepo. Wa soluble akachita mbuu, kapena wosakaniza akachita timibulu, m'tayeni. Pamimba insulin amalowa msanga kuposa pantchafu. Sinthasinthani pobaya, chifukwa malo obayidwa kawirikawiri amachita chotupa cholimba chimene chimayamwa insulin mosadalirika: lero shuga 300, mawa 60, pa mlingo womwewo.

Zoopsa: shuga wotsikitsitsa, makamaka usiku, mutamwa mowa, kapena mutagwira ntchito yolemetsa. Musabayenso wina chifukwa choti pa maola awiri nambala yakwera. Woyamba uja akadagwirabe ntchito, ndipo awiriwo akakumana amagwetsa shuga. Wa mtundu woyamba asasiye insulin ngakhale akudwala osadya. Kusanza, kupuma mozama ndi ludzu losatha ndi zizindikiro zothamangira kuchipatala.

6. Mankhwala ena a m'mafamase

Acarbose amachedwetsa kugayika kwa zokhutitsa m'matumbo ndipo amamwedwa ndi mbamu yoyamba; ntchito yake ndi pa shuga wa mukatha kudya penipeni. Sitagliptin ndi vildagliptin amathandiza kapamba kutulutsa insulin pokhapokha shuga akakwera. Dapagliflozin ndi empagliflozin amatayitsa shuga mu mkodzo ndipo amateteza mtima ndi impso.

Mtengo ndi kupezeka: ogula ndi ndalama zanu mwezi ndi mwezi, makamaka m'mizinda. Musayambe mankhwala amene mwezi wachitatu simudzatha kugula.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku: acarbose pa chakudya chilichonse, enawo kamodzi kapena kawiri pa tsiku.

Zoopsa: acarbose amadzaza mpweya m'mimba, ndipo shuga akatsika mukumumwa, shuga wa mu tiyi amachedwa kugwira, pamafunika glucose. Dapagliflozin ndi empagliflozin amabweretsa kuyabwa kumaliseche ndi kukodza pafupipafupi, aimitsidwe mukadwala osatha kudya, ndipo si a mtundu woyamba.

7. Zitsamba

Chammwamba ndi therere ndi ndiwo zabwino, zidyeni ngati ndiwo. Koma madzi a therere, nimu, aloe vera ndi mabotolo ogulitsidwa m'misika sizingatsitse 280 kufika 160. Mtengo wake nthawi zina umaposa wa metformin, mlingo wake sudziwika, ndipo zina zimavulaza impso ndi chiwindi. Choopsa chachikulu ndi kusiya mankhwala chifukwa wogulitsa walonjeza kuti shuga atheratu.

Iti ikuyenera ndani

Wa mtundu wachiwiri amene wangopezeka kumene, wonenepa, nambala zosakwera kwambiri: mtanda umodzi, kusiya zakumwa zotsekemera, kuyenda mukatha kudya, ndi metformin. Zinayizi pamodzi sizigwetsa shuga mowopsa.

Shuga wa m'mawa ali bwino koma wa maola awiri amapitirira 180: yambani ndi chakudya chimene chikukweza kwambiri, chikonzeni kwa milungu iwiri mukuyenda. Zikakanika, tengani nambala zanu kwa adokotala mukambirane za gliclazide, kapena sitagliptin ngati thumba likulola.

Nambala zonse zakwera, mukuwonda, mukukodza usiku wonse, mapiritsi afika pamlingo waukulu: nthawi ya insulin yakwana, ndipo kuchedwa kumangowononga maso ndi impso.

Okalamba okhala okha, kapena a vuto la impso: pewani glibenclamide. Kwa iwowa nambala yokwerako pang'ono ndi yabwino kuposa kukomoka m'nyumba mopanda munthu.

Alimi, akabaza ndi ena ogwira ntchito yolemetsa osadziwa nthawi yodyera: metformin sawavuta, koma glibenclamide ndi insulin wosakaniza zimafuna kamba m'thumba ndi shuga wa pangozi.

Omwa prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa: shuga amakwera kwambiri masana ndi madzulo pamene wa m'mawa akuoneka bwino, choncho yezani mukatha nkhomaliro.

Amayi oyembekezera: malire ndi othina, pansi pa 95 musanadye m'mawa, pansi pa 140 pakatha ola limodzi, pansi pa 120 pakatha maola awiri. Chakudya chigawidwe kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, ndipo ngati sizikutsika, insulin ndiye wodalirika. Zonsezi zichitike pamodzi ndi a kusikelo.

Ana ndi achinyamata a mtundu woyamba: insulin tsiku lililonse, wobayidwa pa nthawi yake. Chakudya chawo chikwanire kukula, ndipo aphunzitsi adziwe zizindikiro za shuga wotsika.

Osala kudya, kaya pa Ramadan kapena pa mapemphero a kutchalitchi: kambiranani ndi adokotala kusala kusanayambe, chifukwa mlingo ndi nthawi ya glibenclamide ndi insulin ziyenera kusintha. Pomasula yambani ndi madzi ndi ndiwo, osati thobwa ndi mandasi, ndipo shuga akatsika pansi pa 70 masulani nthawi yomweyo ngakhale dzuwa lisanalowe.